Kuyamba kuyendetsa thiraki ku America: fufuzani za mankhwala anu musanasankhe sukulu

Munthu amene watopa ndi ntchito ya m'fakitale, ya m'nyumba zosungiramo katundu kapena yosamalira okalamba ku America akaona mathiraki akudutsana pamsewu waukulu, nthawi zambiri amaganiza kuti mwina potulukira ndi pamenepo. Ndipo sakulakwitsa. Ntchitoyi sifuna digiri, maphunziro ake ndi a masabata kapena miyezi yochepa, ndipo makampani amalemba anthu a zaka 40 kapena 50 popanda kuwayang'ana ndi diso lachilendo. Nthambi ya boma yosunga ziwerengero za ntchito, Bureau of Labor Statistics, inapeza kuti mu Meyi 2023 malipiro apakatikati a madalaivala a mathiraki akuluakulu anali $54,320 pa chaka. Wongoyamba kumene amalandira zochepera pamenepo, koma khomo ndi lotseguka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ndondomeko imene anthu amatsata. Funso loyamba limakhala lakuti sukulu yabwino ndi iti, yotchipa ndi iti, yomaliza msanga ndi iti. Za thanzi ndi mankhwala amazisiyira kumapeto, ndalama atalipira kale kapena atasayina kale mgwirizano ndi kampani. Komatu CDL, laisensi yoyendetsera magalimoto akuluakulu a malonda, imayimira pa chiphaso cha dokotala, ndipo chiphasocho chimadalira kwambiri zimene mumamwa m'mawa uliwonse. Choncho ndiyambira pamenepo, za masukulu zibwere pambuyo.

Kwa dokotala

Aliyense wofuna kuyendetsa thiraki yodutsa malire a zigawo (ma state) ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo, ndipo ayenera kupimidwa ndi dokotala amene ali m'kaundula wa bungwe la FMCSA, lomwe limayang'anira za chitetezo cha magalimoto a malonda. Si dokotala aliyense amene angapereke chiphasochi. Chikatalika bwanji chimakhala cha miyezi 24, ndipo kwa amene ali ndi matenda ofuna kuwayang'anira chimafupika. Amapima maso, makutu, kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo. Mkodzo wa tsiku limeneli amayang'anamo shuga, magazi ndi zina zoonetsa matenda. Kuyeza mankhwala ozunguza bongo n'kwina, kumabwera padera.

Kuthamanga kwa magazi ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri mosayembekezera. Malangizo amene madokotalawa akhala akutsatira ndi akuti BP yoyambira 140/90 kufika 159/99 ikhoza kupeza chiphaso cha chaka chimodzi, yoyambira 160/100 kufika 179/109 chiphaso cha miyezi itatu kamodzi kokha kuti munthu akaitsitse, ndipo ya 180/110 kupita m'mwamba sapereka mpaka itatsika. Mapiritsi a BP enieniwo si vuto. Wakumwa mankhwala, BP yake n'kukhala pansi, ali pabwino kuposa wosamwa amene akuyenda nayo ili m'mwamba. Chimene chimasintha n'chakuti azipimidwa chaka ndi chaka.

A matenda a shuga zinawapepukira. Kale wobaya insulini ankafunika chilolezo chapadera chimene chinkatenga miyezi. Kuyambira mu Novembala 2018, dokotala wanu wa nthawi zonse amadzaza fomu ya MCSA-5870, inu n'kupita nayo kwa dokotala wa m'kaundula pasanathe masiku 45. Mumafunikanso kusonyeza zotsatira za kudziyeza shuga za miyezi itatu. Chiphaso sichipitirira miyezi 12. Tanthauzo lake n'lakuti ngati mumabaya insulini ndipo mukuganizira ntchitoyi, yambani lero kusunga zotsatirazo pa kamakina kanu koyezera.

Khunyu ndiye povuta. Lamulo limaletsa munthu wodziwika kuti ali ndi khunyu, ndipo kumwa mankhwala oletsa kugwa sikuchotsa chiletsocho. Njira yokhayo ndi kupempha chilolezo chapadera ku FMCSA, ndipo amafuna kuti munthu akhale atatha zaka 8 osagwa, mankhwala ake asanasinthidwe kwa zaka ziwiri. Koma mankhwala ena a khunyu amaperekedwanso pa matenda ena, monga ululu wa m'mitsempha kapena mutu waching'alang'ala. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, tengani kalata yofotokoza chifukwa chenicheni chimene anakulemberani, apo ayi dokotala adzaganiza zina.

Gulu limene limasokoneza kwambiri ndi la mankhwala amphamvu olembedwa ndi dokotala: ochepetsa ululu monga oxycodone ndi hydrocodone, othandiza kuika maganizo pamodzi monga Adderall, ndiponso oziziritsa nkhawa monga Xanax ndi Valium. Lamulo silinena kuti ayi kotheratu. Limati munthu akhoza kuyendetsa ngati mankhwalawo analembedwa ndi dokotala wodziwa mbiri ya thanzi lake, yemwe wamutsimikizira kuti sangamulepheretse kuyendetsa bwino. Pali ngakhale fomu yake, MCSA-5895. Komabe mawu omaliza ali ndi dokotala wopima uja, ndipo akhoza kukana ngakhale kalata ilipo. Pamwamba pake, kampani ikhoza kukhala ndi malamulo ake okhwima kuposa a boma, kawirikawiri chifukwa cha a inshuwalansi. Choncho pali zipata zitatu, dokotala wanu, dokotala wopima ndi kampani, ndipo kudutsa chimodzi sikutsegula chinzake. Amene akumwa methadone kapena buprenorphine adziwe kuti kwa iwo zipatazi zimapanikiza kwambiri.

Mankhwala ambiri a matenda a kukhumudwa saletsedwa, ma ARV saletsedwa, a kolesterolo ndi a chithokomiro saletsedwa. Chimene dokotala amafuna kudziwa n'chakuti kodi amakuwodzeretsani, amakuchititsani chizungulire, ndiponso mwakhazikika nawo kwa nthawi yaitali bwanji. Mapiritsi a chimfine ogula popanda kalata, makamaka okhala ndi diphenhydramine, amawodzeretsa kuposa mankhwala ambiri a kuchipatala, ndipo anthu sawaganizira n'komwe.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musasiye mankhwala kuti mudutse kwa dokotala, ndipo musabise pa fomu. Munthu wosiya mwadzidzidzi mankhwala a nkhawa kapena a kukhumudwa n'kukakhala yekha m'thiraki masabata atatu, kutali ndi abale, akuika moyo wake ndi wa ena pachiswe. Fomuyo mumasayina kuti mwanena zoona, ndipo ngozi ikachitika maloya amafukula zonse. Ngati mankhwala anu ndi ovuta, kambiranani ndi dokotala wanu za ena ofanana nawo, musinthe pang'onopang'ono, mukhazikike, kenaka mupite kukapimidwa.

Palinso vuto la kubanika kutulo, limene limapezeka kwambiri mwa anthu onenepa ndi ochita mkonono. Dokotala akakayikira akhoza kukutumizani kukayezedwa tulo, ndipo zimenezi zimadya nthawi ndi ndalama. Opezeka nalo amagona ndi makina a CPAP, ndipo makinawo amasunga mbiri ya maola amene agwiritsidwa ntchito, imene dokotala amafuna kuiona.

Botolo la mkodzo

Kuyeza kwa boma kumafufuza magulu asanu: chamba, kokeni, ma amphetamine, ma opioid ndi PCP. Chamba n'chololedwa m'zigawo zambiri monga California ndi Colorado, koma kwa dalaivala wa CDL n'choletsedwa kulikonse, ngakhale ali ndi khadi la chipatala. Mafuta a CBD, opangidwa kuchokera ku mbewu ya chamba, nawonso ndi msampha, chifukwa ena amakhala ndi THC, chinthu choledzeretsa cha m'chamba, wochuluka kuposa zolembedwa pa botolo, ndipo unduna wa zamtengatenga unanena poyera mu 2020 kuti kugwiritsa ntchito CBD si chifukwa chovomerezeka ngati mwapezeka ndi chamba m'thupi. Makampani ena akuluakulu amayezanso tsitsi, lomwe limasonyeza za miyezi pafupifupi itatu yapitayo.

Mukamamwa Adderall kapena mankhwala a ululu, zotsatira zimapita kwa dokotala wina wotchedwa MRO, yemwe amakuimbirani foni kuti musonyeze umboni wa kalata ya dokotala wanu. Muziyankha foni imeneyo, ndipo botolo likhale la dzina lanu. Piritsi limodzi la mkazi wanu kapena la mnzanu, lomwedwa tsiku limene msana unavuta, lilibe chodzitetezera.

Kulephera sikuthera pa kampani imene inakuyezani. Kuyambira mu Januwale 2020 pali kaundula wa dziko lonse wa madalaivala olephera pa kuyezedwaku, wotchedwa Clearinghouse, ndipo wolemba ntchito aliyense amayenera kuyang'anamo. Dzina limakhalamo zaka zisanu, kapena kupitirira ngati simunamalize ndondomeko yobwerera pa ntchito, imene imafuna kuonana ndi katswiri, kuyezedwanso, ndi kuyezedwa modzidzimutsa kosachepera kasanu ndi kamodzi m'miyezi 12 yoyamba. Kuyambira mu Novembala 2024 zigawo zimalanda mphamvu za CDL kwa amene ali pa chiletso. Wophunzira amene ali ndi laisensi yophunzirira yokha zimamukhudzanso. Ntchito ikhoza kutha isanayambe.

Tsopano za sukulu

Chiphaso cha dokotala chikakhala m'manja, funso la kumene mungaphunzire limayamba kukhala ndi tanthauzo. Kuyambira pa 7 Febuluwale 2022, aliyense wofuna CDL ya Class A kapena B (mitundu ya laisensi imene ndifotokoze m'munsimu) kwa nthawi yoyamba ayenera kuphunzira kwa mphunzitsi amene ali m'kaundula wa Training Provider Registry. Nthawi yophunzitsidwa ndi amalume kuseri kwa nyumba n'kupita kukayesedwa inatha. Koma lamuloli silinaike chiwerengero cha maola oyendetsa, kotero sukulu yabwino ndi yachabechabe zonse zikhoza kupezeka m'kaundula yemweyo. Makampani ambiri amafuna satifiketi ya maola 160, ndiye sukulu yolonjeza kukumalizitsani m'masiku 10 ikhoza kukupatsani laisensi imene olemba ntchito sakuifuna. Komanso muyenera kukhala ndi laisensi yophunzirira kwa masiku osachepera 14 musanayesedwe pamsewu.

Sukulu yolipira nokha ndiyo njira yachangu, masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, pa mtengo wa madola masauzande angapo. Ubwino wake waukulu ndi ufulu. Mukamaliza mulibe ngongole ndi kampani iliyonse, mumasankha kokagwira, ndipo makampani ambiri amabwezera fizi pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kwa amene awalemba. Kuipa kwake n'kwakuti masukulu amasiyana kutalitali. Musakhutire ndi zithunzi za pa intaneti. Pitani komweko, muone ophunzira angati akudikira thiraki imodzi, ndipo mufunse maola amene inuyo mudzakhale pa chiwongolero, osati amene mudzaime pabwalo kuonerera anzanu. Samalaninso ndi ngongole imene sukulu yomweyo ikukukonzerani, chiwongola dzanja chake chimakhala chokwera.

Makoleji a boma a m'madera, amene amawatcha community college, ndi amene ine ndimawaona kuti ndi abwino kwa munthu amene angathe kudikira. Maphunziro amatenga miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina semesita yonse, mtengo umakhala wotsikirapo, ndipo ambiri ali ndi makalasi a madzulo kapena a Loweruka, kotero simusiya ntchito yanu yakale musanadziwe ngati thiraki ikukuyanjani. Kwa wosintha ntchito ali ndi ana ndi lendi, imeneyi si nkhani yaing'ono. Vuto ndi mzere, malo amadzaza msanga. Amene achotsedwa ntchito kapena amalandira zochepa afunse ku American Job Center, ofesi yothandiza ofuna ntchito, za thandizo la boma la WIOA, lomwe limatha kulipira maphunziro onse, ndipo amene anali asilikali ali ndi GI Bill, thandizo la boma lowalipirira maphunziro. Mapepala ake amachedwa, koma ndi ndalama zosabweza.

Maphunziro olipiridwa ndi kampani ndi amene amakopa kwambiri, chifukwa mumayamba wopanda kanthu m'thumba. Makampani aakulu monga Prime, Schneider, Roehl ndi Swift akhala ndi mapulogalamu otere, aliyense ndi mfundo zake. Amakulipirirani ulendo, malo ogona, nthawi zina ndi kandalama kodyera, ndipo ntchito imakhala ikukudikirani. Mtengo wake ndi mgwirizano, kawirikawiri wa pafupifupi chaka chimodzi. Mukachoka nthawi isanakwane, kaya mwasiya nokha kaya akuchotsani, mumabweza ndalama za maphunziro, ndipo mtengo wolembedwa pa pepala ukhoza kuposa wa sukulu yolipira nokha.

Apa m'pamene nkhani ya mankhwala imakumana ndi ya sukulu. Anthu amakwera basi tsiku lonse kupita kukayamba maphunziro m'chigawo china, n'kupimidwa ndi dokotala wa kampani tsiku lachiwiri, n'kubwezedwa kunyumba chifukwa cha piritsi limene wolemba anthu pa foni anati silovuta. Wolemba anthuyo si dokotala, ntchito yake ndi kudzaza kalasi. Safunsa anadya phula, koma pano kufunsa pakamwa sikokwanira. Tumizani mndandanda wa mankhwala anu ku ofesi ya zachitetezo ya kampaniyo, mulandire yankho lolembedwa, ndipo musasiye ntchito yanu yakale yankholo lisanafike.

Sindikunena kuti njira ya kampani ndi yoipa. Kwa munthu wathanzi, wopanda ndalama, amene alibe chomukoka kunyumba ndipo angapirire chaka, ndi yabwino ndithu, ndipo madalaivala ambiri aluso anayambira pamenepo. Kwa munthu wofunika kuonana ndi dokotala mwezi uliwonse, kapena amene mankhwala ake amaperekedwa a masiku 30 okha, ndi yoopsa, chifukwa makampani amenewa ambiri amayambitsa anthu pa maulendo ataliatali ndipo tsiku lofika kunyumba sililonjezeka. Mankhwala olamulidwa mwamphamvu monga Adderall salola kungowonjezera pa kalata yakale, ndipo kuwapeza uli m'chigawo china n'kovuta.

Pali njira yachinayi imene anthu ochepa amaitchula. Makampani onyamula katundu wosakanikirana, monga Old Dominion, Estes ndi XPO, amaphunzitsa ena mwa antchito awo opakira katundu kuti akhale madalaivala. Mumayamba ndi folokolifiti, mukulandira malipiro pa ola, kenaka n'kulowa m'kalasi yawo. Imachedwa, ndipo ntchito yopakira ndi yolemetsa, nthawi zambiri ya usiku. Koma kumapeto kwake kuli ntchito imene madalaivala ambiri a maulendo ataliatali amailakalaka: malipiro abwino ndi kugona kunyumba pafupifupi tsiku lililonse. Ngati m'dera lanu muli depoti yotere ndipo msana wanu ndi wolimba, ifufuzeni musanayang'ane kwina.

Za mtundu wa laisensi sindichedwapo. Class A ndi ya mutu ndi ngolo, zolemera mapaundi 26,001 kapena kuposa pamodzi, ngolo yoposa mapaundi 10,000. Class B ndi ya galimoto imodzi yolemera, monga yonyamula zinyalala, yosakaniza simenti kapena tipa. Wa Class A amayendetsanso za B, ndiye ngati mungathe tengani A. Koma amene cholinga chake ndi kugona kunyumba ndi kukhala pafupi ndi chipatala chake asanyoze B. Chinanso, mukayesedwa pa thiraki ya otomatiki laisensi yanu imalembedwa chiletso choti musayendetse ya magiya a manja. Mathiraki atsopano ambiri ndi a otomatiki, komabe makampani ang'onoang'ono ndi a zomangamanga akadali ndi a magiya, choncho sukulu yophunzitsa magiya ili ndi mwayi wowonjezera. Zilolezo za thanki ndi za ngolo ziwiri zimangofuna mayeso olemba. Cha katundu woopsa chimafuna maphunziro ake ndi kufufuzidwa mbiri ndi TSA, bungwe la boma loona za chitetezo pa zamtengatenga.

Obwera kuchokera kunja adziwe zinthu ziwiri. Mu 2025 boma linakhwimitsa malamulo a CDL kwa anthu amene si nzika ndipo alibe green card, chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika, choncho funsani ku ofesi ya malaisensi ya chigawo chanu musanalipire sukulu iliyonse. M'chaka chomwecho oyang'anira pamsewu anayambanso kuimitsa madalaivala amene sangathe kuyankha mafunso ndi kuwerenga zikwangwani m'Chingerezi.

Chaka choyamba

Laisensi imangotanthauza kuti mwadutsa mayeso. Kampani iliyonse yodalirika idzakuikani ndi mphunzitsi kwa masabata angapo, anthu awiri osadziwana m'kachipinda kakang'ono usana ndi usiku. Funsani ngati mphunzitsiyo amakhala pampando wa pambali panu pamene mukuyendetsa, kapena amagona kumbuyo kuti thiraki iziyenda osaima. Kusiyana kwake n'kwakukulu, makamaka pa kubweza ngolo m'malo opanikiza, kumene atsopano ambiri amagundira.

Lamulo limalola kuyendetsa maola 11 mkati mwa maola 14, mutapuma maola 10, ndi kupumula mphindi 30 mukayendetsa maola 8, osapitirira maola 70 m'masiku 8. Kamakina ka m'thiraki kamawerenga zonsezi. Pa maulendo ataliatali malipiro ambiri ndi a pa mailosi, ndiye maola odikira kupakira kapena kutsitsa katundu amadya nthawi yanu popanda kubweretsa ndalama zokwanira, ndipo lamulo la boma lalikulu silikakamiza makampani a mathiraki odutsa zigawo kulipira ovataimu. Bungwe la American Trucking Associations lakhala likunena kuti m'makampani aakulu a maulendo ataliatali chiwerengero cha madalaivala ochoka pa chaka chimafika cha m'ma 90 pa 100 alionse. Ambiri mwa iwo sasiya ntchitoyi, amangosamukira kwina, koma chiwerengerocho chikukuuzani kanthu za moyo wa kumeneko. Kukhala pansi tsiku lonse, kugona mosinthasintha ndi kudya zapamsewu kumakweza BP ndi shuga zomwe zija zimene dokotala adzapime chaka chamawa.

Mukamaliza miyezi 12 popanda ngozi, zitseko zimatseguka: maulendo a m'chigawo, thanki, katundu wa kampani imodzi yokhazikika, ntchito za pa ola. N'chifukwa chake kudumphadumpha m'chaka choyamba kumapweteka, ndipo kusiya thiraki panjira chifukwa cha mkwiyo kumalembedwa mu lipoti la DAC, la mbiri ya ntchito ya dalaivala, limene makampani amawerengerana.

M'miyezi yoyambirira yomweyo wina adzakuuzani kuti mukhoza kukhala mwini thiraki kudzera mu lease-purchase, kubwereka thiraki n'kumaigula pang'onopang'ono, osalipira kanthu poyamba. Kanani. Mu dongosolo limeneli kampani imene ikukubwereketsani thiraki ndi yomweyo imene imasankha katundu woti munyamule, pamene mafuta, matayala, inshuwalansi ndi kukonza zonse zili pa inu, ndipo malipiro a thiraki amadulidwa sabata iliyonse kaya mwayenda kaya mwagona m'chipatala. Sabata yoipa mukhoza kugwira ntchito masiku onse n'kutsala ndi ngongole. Inshuwalansi ya zaumoyo ya kampani imathanso, chifukwa simulinso wantchito wawo, ndipo mankhwala aja mumayamba kugula ndi ndalama zanu.